Switi Yomwe Inagunda Khutu la Gomezga

Anakumana pa siteji ya basi ku Longbridge, mu mzinda wa Birmingham, mwezi wa Ogasiti, kamvula kakuwaza. Dorica anali atangoweruka ku shopu ya zovala komwe anayamba ntchito atamaliza sukulu. Anali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi, ndipo manyazi ake anali oti akaponda munthu phazi m'basi ankatsika pa siteji yotsatira. Malo okhawo amene manyazi ankamusiya anali pa bwalo la netibo. Kumeneko mkono wake sunkaphonya.

Foni inalira. Anali mayi ake.

"Eya mami, ndagula. Ayi, matemba kunalibe. Ndikubwera."

Atadula, mnyamata amene anaima pambali pake anatsokomola.

"Pepani achemwali, sikuti ndimamvetsera. Koma makutu angawa atha miyezi isanu osamva Chichewa pamsewu. Angodzuka okha."

Dorica anayang'ana nsapato zake.

"Ndine Gomezga. Kwathu ndi ku Rumphi koma ndakulira ku Chilinde. Kuno ndimasamalira okalamba."

"Dorica."

"Dorica basi? Kwanu kulibe?"

"Ku Northfield."

"Northfield! Mfumu yake ndani?"

Dorica anafuna kubisa kuseka koma kunatulukira m'mphuno. Basi itafika anakhala mpando umodzi, ndipo Gomezga anapitirira siteji yake kawiri konse kudikira kuti manambala a foni athe kutchulidwa.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Dorica sinapumenso.

"Wadzuka bwanji dzuwa langa? Poti lenilenilo kuno limajomba ku ntchito."

"Wadya, chiphadzuwa cha kwa mfumu Northfield?"

Ndipo tsiku lina, atadya tchipisi limodzi pa benchi, panabwera uthenga umene Dorica anauwerenga mpaka kuuloweza: "Mtima wanga, nthawi iliyonse ukandifuna ndidzayankha. Ngakhale ndili pamwamba pa makwerero."

Lolemba ankayankha. Lachiwiri ankayankha uthenga usanathe n'komwe. Mpaka Lachinayi zonse zinali uchi.

Koma Lachisanu!

Lachisanu lililonse madzulo pankabwera ka uthenga kamodzi: "Ndalowa, wanga. Tilankhulana mawa kukada." Kenako zii. Kuimba, foni yozima. Kulemba, katiki kamodzi kotuwa. Loweruka lonse zii, mpaka mdima ugwe.

"Ndi ntchito, mtima wanga," Gomezga ankatero akafunsidwa. "Lachisanu ndimagona komweko. Za m'nyumba ya munthu amene ukumusamalira sitinena kunja, anatisayinitsa."

Dorica ankagwedeza mutu. Kufunsa kawiri kunkamulemera.

Amene sankalemedwa ndi mafunso anali Bupe, mnzake wa ku kwaya, mtsikana wa ku Kitwe amene nayenso ankasamalira okalamba.

"Iwe mwana, ine nasebenza nchito iyi zaka zitatu," anatero Bupe Lamulungu lina ataweruka ku tchalitchi. "Foni timabisa mu sokosi, koma sitizimya. Ba Gomezga ni ba Sevenide?"

"Ayi. Lamulungu amapita ku tchalitchi kwawo."

"Olo ba Sevenide bamayankha foni! Leta nione."

Bupe anatsetsereka ndi chala mpaka kumayambiriro, kufufuza nthawi ya ka uthenga ka Lachisanu kaja. Nkhope yake inayamba kutalika.

"Ona. Mu Seputemba bamalayila hafu sikisi. Mu Okutoba sikisi koloko. Apa hafu faivi. Apa balumpha ola lonse, hafu folo! Manje sabata yatha? Kota tu folo."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti uja winangu akukula mphamvu! Sabata iliyonse akudyako maminiti. Pofika Khisimasi uzasala na Lachitatu chabe."

Dorica analanda foni yake. Wina? Gomezga yemwe uja wa dzuwa lojomba ku ntchito?

"Banyamata ba viza niba ziba," Bupe anapitiriza. "Mapepala yakayamba kununkha kutha, bamakwatira olo mtengo wa magesi."

Loweruka lotsatira, cha m'ma naini m'mawa, Bupe anatumiza chithunzi chimene anajambula ali m'basi. Chinali chosaoneka bwino, koma khosi limenelo Dorica akanalidziwa ngakhale mu chifunga. Gomezga, atavala jekete, kachipewa kakang'ono kozungulira pamutu, akulowa pa geti la nyumba yaikulu ya mpanda. Pambali pake amayi a zipewa zikuluzikulu ngati za pa ukwati.

Pansi pake Bupe analemba dzina la msewu ndi mawu awiri: "Nchito, ati."

Dorica anadzitsekera m'chipinda. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza anatumiza: "Gomezga, ngati uli ndi wina ungondiuza. Sindikuwa. Ndingochoka mwakachetechete ngati mmene ndinabwerera."

Katiki kamodzi kotuwa.

Analira mpaka pilo ananyowa mbali zonse. Kukada Gomezga anayankha ndi mauthenga khumi ndi awiri, kulumbira kuti palibe wina, kuti afotokoza zonse akakumana. Dorica sanayankhe ndi umodzi womwe. Mlungu wonse foni inkalira, iye n'kumangoiyang'ana. Anali ataganiza kale: Loweruka akadzionere yekha, ndipo akaona, basi zithe.

Loweruka linafika ndi chisanu cholasa m'mafupa. Dorica anavala diresi lake la ku tchalitchi, n'kukwera mabasi awiri. Pa geti paja panali bambo wa jekete lachikasu amene anamuimitsa mwaulemu.

"Mwabwera kwa ndani, mayi?"

"Kwa... kwa Gomezga."

Bamboyo anakweza nsidze. Koma kumbuyo kwa Dorica kunamveka ndodo, ndi mawu a Chingerezi okweza ngati a wailesi.

"Gomez? Gomez wathu? Musiyeni alowe, ali ndi ine!"

Anali agogo aafupi, a chipewa chofiirira, milomo yopaka bwino. Bambo uja anasuzumira m'chikwama cha Dorica n'kumupempha kuti azime foni.

"Ndine Joanna," agogowo anatero atamukola mkono. "Wabwera tsiku labwino. Aka n'koyamba kulowa m'sunagoge?"

Sunagoge! Dorica ankadziwa mawu amenewa ku Sande sukulu basi. Iye ankayesa kuti masunagoge anathera nthawi ya ngamila ndi nsapato za zingwe. Kodi mpaka ku Birmingham kuno aliko?

"Amayi timakhala m'mwamba," anatero a Joanna, akukwera masitepe imodziimodzi. "Ena amadandaula. Ine ayi. Kumwamba kuno umaona dazi la aliyense."

Anakhala kutsogolo, pa kampanda. Pansi pake abambo atafunda nsalu zoyera za mizere ankaimba m'chilankhulo chimene Dorica sanamvepo, akugwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo. Awiri a pakona ankaoneka kuti akupemphera kwambiri, koma Dorica anamva bwinobwino kuti akukangana za mpira. Kenako onse anaimirira. Katani yaikulu inatsegulidwa, ndipo munthu anatulutsa mpukutu wa malemba wovekedwa nsalu yofiira ndi timabelu tasiliva. Anaunyamula ngati khanda, kuuzungulitsa, anthu n'kumaukhudza ndi nsonga za nsalu zawo.

"Loweruka lililonse timawerenga gawo limodzi," a Joanna ananong'ona, manong'onong'o omveka mpaka mzere wachitatu. "Chaka chikatha tamaliza, n'kuyambiranso. Ine ndamva zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, koma rabi, mphunzitsi wathu, amapezabe chatsopano. Kaya amachitola kuti."

Dorica sankamva. Maso ake anali atapeza chimene anabwerera. Mzere wachiwiri, suti yatsopano ya buluu, kachipewa pamutu. Gomezga! Suti imeneyo iye anali asanaionepo.

Mayi wina anadutsa ndi dengu la maswiti. Aliyense anatapa.

"Tenga, tenga," anatero a Joanna. "Mwamuna akatsala pang'ono kukwatira, Loweruka lomaliza amaitanidwa kutsogolo kukadalitsa malemba. Akamaliza timamugenda ndi maswiti kuti banja lake likhale lokoma. Utenge zofewa. Rabi analetsa zolimba chichokereni pamene wina anasweka magalasi."

"Ndiye lero pali... mkwati?"

"Pali mkwati! Ukwati ndi mawa. Dikira, akumuitana."

Pansi paja munthu anaimba dzina lalitali. Ndipo Gomezga anaimirira. Anakonza jekete. Anagwira mkono wa kankhalamba kena kakafupi kamene kanali pambali pake, n'kuyamba kuyenda nako pang'onopang'ono kupita ku nsanja ya pakati. Dorica anaona nkhalambayo, inde, koma mumtima anangoti: ankhoswe.

A Joanna anamugwira bondo.

"Uyo! Mkwati wanga uyo! Taona mmene suti yamukhalira."

"Wanu?"

"Wanga ndithu. Zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, ndani akanaganiza? Ana anga akuti ndapenga. Ndawauza kuti mtima sukhala ndi makwinya."

Mapepala! Bupe ananena! Mtengo wa magesi uja ndi uwu, wavala chipewa chofiirira, ndipo ndi wokoma mtima moti sungathe n'kuuda komwe. Dorica anamva misozi ikutentha. Dzuwa langa. Chiphadzuwa. Ngakhale ndili pamwamba pa makwerero. Onse aja anali mawu ongoyeserera pakamwa?

Dengu linali lidakali pafupi. Anapisa dzanja mpaka pansi penipeni, ndipo zala zake zinapeza switi imodzi yakalekale, yotsala chaka chatha, yolimba ngati mwala wa pa njanji.

Kuwerenga kunatha. Anthu anafuula mawu a chisangalalo n'kuyamba nyimbo, amayi onse anaimirira, maswiti anagwa ngati matalala. Ana anathamangira kukatola. Dorica nayenso anaimirira. Anaponda bwino, anakweza chigongono monga ankachitira pa netibo.

Phaa! Pa khutu lamanzere.

"Mayo ine!" anakuwa Gomezga, m'Chichewa chenicheni cha ku Chilinde, mpaka denga la sunagoge linabweza mawu.

Anayang'ana m'mwamba atagwira khutu. Maso awo anakumana. Ndipo Dorica, yemwe uja wotsika basi chifukwa cha phazi la munthu, anamva pakamwa pake pakutseguka pokha.

"Wabodza iwe!"

Nyimbo inaduka. Zipewa zonse zinatembenuka.

A Joanna anayang'ana pansi, anayang'ana Dorica, n'kumusisita pamsana.

"Mkono uli bwino, mwana wanga, koma waphonya. Mkwati ndi wamfupiyo."

Pa nsanja paja kankhalamba kaja, switi ya jeli itakakamira pa phewa, kankakweza dzanja kupatsa moni a Joanna, kakumwetulira ndi mano onse amene kanatsala nawo.

Mpaka lero ndikakumbukira, kapena kuti Dorica akakumbukira, amafuna nthaka itang'ambika. Anafuna kuthawa, koma ndodo ya a Joanna inali itapingasa njira, ndipo rabi anali atayamba kale kuphunzitsa. Anali bambo wachinyamata wa ndevu zofiira, wolankhula modekha.

"Aphunzitsi athu akale anatisiyira lamulo lovuta," anatero. "Ukaona mnzako akuchita chinthu chimene sukuchimvetsa, yamba wamuganizira zabwino. Ukaona munthu akuthamanga ndi chikwama cha mayi, usanakuwe kuti wakuba, taona kaye kutsogolo. Mwina mwini wake wachiiwala pa benchi ndipo basi ikunyamuka." Anaima pang'ono, osayang'ana m'mwamba ngakhale kamodzi. "Phunziro ili ndinalikonza Lachitatu. Ndikulumbira."

Sunagoge yense anaseka. Dorica anamira mu kolala ya diresi.

Mapemphero atatha a Joanna sanamusiye mkono. Anamukokera ku holo ya kumbuyo komwe kunali matebulo a makeke, nsomba zoziziritsa za mu viniga ndi timatambula ta vinyo. Rabi anadalitsa vinyo, anthu n'kugwa pa chakudya ngati sanaonane ndi mbale chiyambire Lachinayi.

Gomezga anali pakona, atagunditsa nkhaka yozizira ya mu botolo pa khutu.

"Mlungu wonse osandiyankha," anatero, "kenako yankho lake limeneli?"

"Ndimayesa ukukwatira a Joanna."

"A Joanna?"

"Chifukwa cha mapepala."

Gomezga anatsegula pakamwa, nkhaka n'kugwa. Nkhalamba ija inali itafika kale pambali pawo ndi kambale ka nsomba, ikufuna kumva chilichonse. Gomezga ataimasulira, inaseka mpaka kutsamira khoma.

"Joanna! Bwera udzamve, ndili ndi mpikisano!" Kenako inatembenukira kwa Dorica. "Ndine Charles. Mnyamata uyu ndiye miyendo yanga. Mkazi wanga atamwalira ndinatha zaka zinayi osaponda muno. Pa Sabata sitikwera galimoto, ndipo ndekha sindikanafika. Uyu anangoti, agogo, tiyeni tiyese mpaka pa kona. Mlungu wina mpaka pa geti. Pa geti ndinapezapo chipewa chofiirira."

"Ndiye foni?" Dorica anafunsa motsitsa mawu.

"Kuyambira dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka nyenyezi zituluke Loweruka, ife sitigwira foni, sitiyatsa magetsi, sitiphika," anatero a Charles. "Lamulo ndi lathu, si lake. Ndipo sitiloledwa kumutuma mwachindunji kuti atiyatsire. Lachisanu lake loyamba ndinaiwala kusiya nyale ya pabalaza yoyaka. Ndiye ndinangoti, muno muli mdima, eti? Ukudziwa anayankha chiyani?"

Gomezga anabisa nkhope.

"Anati, eya agogo, muli mdima ndithu. N'kukhala pansi! Tinakhala mu mdima mphindi makumi anayi, kugwirizana kuti muli mdima."

"Kwathu wamkulu akanena chinthu umavomera," Gomezga anadziteteza.

A Joanna anabwera kudzatenga mkwati wawo kuti akalandire alendo. Awiriwo anatsala okha pafupi ndi tebulo la makeke.

"Nthawi ija inkasinthasintha bwanji?" anafunsa Dorica. "Hafu sikisi, hafu faivi, kota tu folo. Bupe anati winayo akukula mphamvu."

"Ndi dzuwa, Dori. Likamalowa msanga, Sabata imayambanso msanga. Winayo ndi Disembala."

Dorica anafuna kuseka, koma panali patatsala funso limodzi.

"A Charles anena kuti lamulo si lako. Ndiye ukanatha kuyankha."

Gomezga anayang'ana pansi. Aka kanali koyamba kuti iye ndiye ayang'ane nsapato.

"Ya ku ntchito imakhala yoyaka mu drowa, za mwadzidzidzi. Yangayi ndimazima ndekha. Dori, mlungu wonse ndimadya choimirira, m'basi, m'makhitchini a anthu. Chibwerereni kuno palibe amene anandiikirapo mpando. Koma Lachisanu pamakhala nsalu yoyera, makandulo awiri, buledi wolukidwa ngati tsitsi, ndipo a Charles amandifunsa za mayi anga n'kudikira yankho. Palibe amene amayang'ana m'manja. Ndinkachita manyazi kukuuza. Ndimati unena kuti ndasiya tchalitchi, kapena useka kuti mnyamata wako amasangalala ndi supu wa nkhalamba."

"Unalonjeza kuti nthawi iliyonse udzayankha."

"Pamenepo ndinalakwa. Ndinakulonjeza masiku asanu ndi awiri ndili nawo asanu ndi limodzi."

"Ndinalira, Gome. Pilo yense."

"Pepa, mtima wanga. Pepa zenizeni."

"Nawenso pepa khutu."

"Likumva kulira kwa belu, koma ndi lako lomwe."

A Charles anakuwa ali kutsidya la holo, ndodo ya a Joanna ili m'mwamba ngati mbendera: "Gomez! Lachisanu likubwerali ubwere naye! Ndakhala ndikukuuza kuyambira Seputembala, iwe n'kumati ndi wamanyazi. Wamanyazi ameneyo?"

Lachisanu linalo Dorica anapempha kuweruka msanga. Hafu fili inamupeza pakhomo pa a Charles, komwe tsopano kunali makatani atsopano ndi malamulo atsopano a a Joanna. Gomezga anatsegula drowa ya m'khonde. Anaikamo foni yake. Dorica anayang'ana yake kanthawi, anauza mayi ake kuti afika cha m'ma eyiti, anaizima, n'kuigoneka pambali pa inzake.

A Joanna anayatsa makandulo, anaphimba maso ndi manja, n'kunong'ona pemphero, ulendo uno motsitsadi. Panali mipando inayi. Dorica anadya supu wa nkhalamba mbale ziwiri, ndipo anayankha mafunso onse a a Charles osayang'ana nsapato, poti pansi pa tebulo sizinkaoneka.

Atadya, Gomezga anamuperekeza pa siteji ya pakona. Dorica anayatsa foni. Inanjenjemera ngati yagwidwa malungo. Mauthenga makumi awiri ndi atatu, onse a Bupe. Womaliza unali wakuti: "Foni yozimya pa Lachisanu? Naiwe wayamba? Ni ndani mwamuna uyo?"

Gomezga anaseka mpaka kugwira khutu. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulungidwa mu pepala lonyezimira, kophwanyika mbali imodzi.

"Unaitola?" anadabwa Dorica.

"Ndinalimbirana ndi ana atatu. Iyi ndikusunga." Anaibweza m'thumba, mawu ake n'kutsika. "Dori, sindikulonjezanso za makwerero. Koma tsiku lina, ine ndikadzakhala mkwati weniweni, ndikufuna woponya adzakhale iwe. Chonde, udzasankhe yofewa."

Basi inatulukira pa kona. Dorica anamva manyazi akukwera kuchokera m'mapazi monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anawasiya akwere.

"Zidzatengera," anatero. "Ukadzachedwa, ndikudziwa pamene zolimba zimakhala."